Maina na Malile Mkati mwa Kernel

Munayesapo kulondolela mlendo kunyumba kwanu mu komboni mmene mulibe manambala pa zitseko? Mumamuuza kuti aselukile pa siteshoni yakuti, apitilile cigayo, akhote pa mtengo wa mango, akaona geti yakuda ndiye kuti wafika pafupi. Mwana wa pamenepo amafika olo usiku malaiti atapita. Mlendo amazungulila mpaka foni yatha moto. Ndipo tsiku limene ambulansi ifunika kufika msanga, vuto la manambala limaleka kukhala loseketsa.

Nkhani ya lelo ni ya komboni ina imene ili m'thumba mwanu. Ngati foni yanu ni ya Android, kaya Tecno, Itel olo Samsung, pansi pa WhatsApp na TikTok pali pulogilamu yochedwa kernel ya Linux. Ndiyo imagawa memory, imauza purosesa nchito yoyamba na yotsatila, imakamba na kamela, batili na netiweki. Mbali yaikulu ya kernel inalembedwa m'cinenelo ca C. Koma pali kagawo kang'ono kolembedwa mu assembly, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 kagawo aka kanali monga komboni yopanda manambala. Anthu amene anamangamo anali kudziwa njila zonse. Mapulogilamu ofufuza zolakwika anali kusocela. Nifuna nikuuzeni mmene nyumba za kumeneko zinapezela maina na malile, komanso cifukwa cake nchito yooneka yaing'ono imeneyi inafika pokhudza citetezo ca foni yanu.

Purosesa sidziwa maina

Tiyambile pansi. Purosesa imamva manambala cabe. Lamulo lililonse ni nambala, malo alionse mu memory ni nambala. Assembly ni cinenelo cimene cimapatsa manambala aja tumau tufupi-tufupi tumene munthu angakumbukile, monga mov posuntha cinthu, add powonkhetsa, jmp polumphila malo ena. Mzele umodzi wa assembly nthawi zambili umakhala lamulo limodzi la purosesa. Mmodzi wa anthu oyambilila kuganiza zolemba malamulo a makina mwa njila iyi anali Kathleen Booth wa ku Birkbeck College ku London, ca m'ma 1947. Mu 1949, ku Cambridge, kompyuta yochedwa EDSAC inayamba kusewenza, ndipo David Wheeler anailembela kapulogilamu kowelenga zilembo pa tepi ya pepala n'kuzisandutsa manambala. Gulu la EDSAC linali kusunga tumapulogilamu tothandiza pa matepi, kuti munthu asamalembenso cinthu cimene mnzake analemba kale. Apa m'pamene panabadwila funso limene tili nalo mpaka lelo: ngati code yanga ifuna kuitana code ya mnzanga, idzaipeza kuti, ndipo ikatsiliza idzabwelela bwanji kwa ine?

Yankho linali maina. Wolemba amaika dzina pa malo ena a code, ndipo dzina limeneli limachedwa symbol. Faelo iliyonse ikamasulidwa kupita m'manambala, imanyamula mndandanda wa maina amene ili nawo na maina amene ifuna kucokela kwina. Kenako pulogilamu yochedwa linker imatenga mafaelo onse, n'kuika adilesi yeniyeni paliponse pamene panali dzina. Dzina lingakhale la global, kutanthauza kuti mafaelo ena aloledwa kuliona. Lingakhale la local, la m'nyumba mwake cabe. Lingakhalenso la weak, limene limasewenza pokhapo ngati palibe wina wabweletsa dzina lofanana lamphamvu.

Kupeza nyumba ni mbali imodzi. Mbali ina ni mwambo wa pakhomo. Function imodzi ikaitana inzake, payenela kukhala pangano: katundu nidzauika pati, yankho nidzalipeza pati, ndani adzasunga zinthu zimene zinali m'manja. Purosesa ili na tumalo tocepa tosungilamo manambala mwamsanga, ma register. Palinso stack, imene ili monga mulu wa mbale: yothela kuikidwa ndiyo yoyamba kucotsedwa. Pa makompyuta a x86-64, pangano limati zinthu zoyamba zimapita mu rdi, rsi na rdx, yankho limabwela mu rax, ndipo adilesi yobwelela imakhala pamwamba pa stack. Pa arm64, imene ili m'mafoni ambili a masiku ano, zinthu zimapita mu x0 mpaka x7, adilesi yobwelela mu x30. Compiler ya C imasunga pangano ili yokha. Wolemba assembly amalisunga na manja, ndipo akaiwala palibe womukumbutsa.

Unix na kamzele ka pansi

Mu 1969, ku Bell Labs ku New Jersey, Ken Thompson analemba Unix yoyamba pa kompyuta ya PDP-7, yonse mu assembly. Assembler yake inali kutulutsa faelo ya dzina lakuti a.out, ndipo dzina ili linakhala la mtundu wa mafaelo a mapulogilamu kwa zaka zambili. Mu 1973 Thompson na Dennis Ritchie analembanso kernel m'cinenelo ca C. Assembly inatsala yocepa, m'malo amene C singafike: poyatsa makina, polandila cizindikilo cocokela ku zipangizo, na posintha kucoka pa pulogilamu imodzi kupita pa ina.

Kucokela nthawi imeneyo, zinenelo ziwili zinayamba kukhala m'nyumba imodzi, ndipo mikangano inayamba. Woyamba unali wa maina. Mu assembly ya PDP-11, mau monga r0 na sp ni maina a ma register. Nanga munthu akapatsa cinthu cake mu C dzina lakuti sp? Compiler inathetsa izi mwa kuika kamzele ka pansi kutsogolo kwa dzina lililonse la C. Function yochedwa main inali kukhala _main ikafika mu assembly. Wolemba assembly anayenela kukumbukila kamzele aka nthawi zonse.

Mkangano waciwili unali waukulu. Mu Unix ya nambala 6, ya mu 1975, pa code yosintha mapulogilamu panali ndemanga imene inachuka kwambili, youza wowelenga kuti olemba sayembekezela kuti iye amvetse zimene zicitika pamenepo. Code ija inali kudalila kacitidwe kena ka compiler ya PDP-11 posunga ma register, pangano limene silinalembedwe paliponse. Pamene anayesa kusamutsila Unix pa kompyuta ya mtundu wina, Interdata, cinthu cija cinakana kusewenza, ndipo anacilembanso Unix ya nambala 7 isanatuluke mu 1979. Patapita zaka, Ritchie anavomeleza kuti iwo eni ake sanali kumvetsa bwino-bwino zimene zinali kucitika. Ngati akatswili a msinkhu umenewo anapunthwa pa malile a C na assembly, mungaone kuti malo awa si oyendapo mothamanga.

Linux na faelo ya linkage.h

Mu September 1991, Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 wophunzila pa yunivesiti ya Helsinki, anatulutsa Linux 0.01. Inali na mizele yoposa pang'ono 10,000. Mukaiwelenga lelo mudzapeza tumizele twa pansi tuja mu mafaelo a assembly, maina monga _system_call na _main, cifukwa inali kusewenzetsa a.out.

Ca m'ma 1995, anthu a Linux anasamukila ku mtundu watsopano wa mafaelo wochedwa ELF, umene unacokela ku Unix System V Release 4. ELF inabwela na zinthu ziwili zofunika pa nkhani yathu. Coyamba, inasiya kamzele ka pansi. Caciwili, symbol iliyonse inapatsidwa malo olembapo mtundu wake, kaya ni function olo data, komanso kukula kwake. Pa nthawi ya kusamuka, ena anali pa a.out, ena pa ELF, ndipo code imodzi inayenela kusewenza kwa onse. Conco mu faelo ya include/linux/linkage.h munaikidwa ma macro, tumau tumene tumatambasuka n'kukhala mizele ingapo pomanga kernel. SYMBOL_NAME inali kuika kamzele olo kukasiya malinga na mtundu wa faelo. ENTRY inali kucita zinthu zitatu: kulengeza kuti dzina ni la global, kuyanika code pa adilesi imene purosesa imawelenga mosavuta, na kuika dzina lenilenilo.

Mu faelo imodzimodziyo muli liu lina limene aliyense wowelenga kernel amakumana nalo, asmlinkage. Mbili yake ni yoseketsako. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, kernel inayesedwa kwa kanthawi kumangidwa na compiler ya C++. Compiler imeneyi imasintha maina a ma function, kuwonjezelapo zilembo zake, moti assembly ikaitana dzina loyamba silipezeka. Liu la asmlinkage linali kuuza compiler kuti dzina ili ilisiye mmene lilili. Zoyesa C++ zinalekeka, koma liu linatsala n'kupeza nchito ina. Pa makompyuta a x86 a 32-bit, linayamba kutanthauza kuti function iyi itenge katundu wake pa stack, cifukwa m'pamene assembly yolandila mapempho a mapulogilamu inali kuuika, olo kuti ma function ena a kernel anali kupatsana katundu m'ma register.

ENTRY inali kuonetsa pakhomo, koma sinali kuonetsa pothela pa pulotu. M'zaka za m'ma 2000 kunabwela END, yolemba kukula kwa symbol, na ENDPROC, yolemba kukula komanso kulengeza kuti ici ni function. Pa pepala zonse zinali bwino. Koma kernel imalembedwa na anthu masauzande, aliyense na cizolowezi cake. Wina anali kutsegula na ENTRY n'kuiwala kutseka. Wina anali kuika ENTRY pa tebulo ya data. Wina anali kutseka na ENDPROC cinthu cimene si function n'komwe. Pa x86 panalinso GLOBAL, yosewenzetsedwa pa ciliconse. Ma function a local analibe macro yawo, aliyense anali kulemba mmene wafunila. Kernel inali kusewenza ndithu, pakuti purosesa ilibe nazo nchito zolembalemba izi. Amene anavutika ni anthu na zida zawo pa tsiku la ngozi.

Tsiku la ngozi

Kernel ikagwa, imasiya uthenga wochedwa oops olo panic. Mu uthengawo muli mndandanda wa ma function amene anaitanana mpaka kufika pamalo a ngozi. Mzele uliwonse umaonetsa dzina, mtunda kucokela poyambila function, na kukula kwake, mwacitsanzo dzina lotsatilidwa na +0x1c/0x40. Kwa munthu wokonza, mndandanda uwu uli monga mapazi pa dothi pambuyo pa mvula. Ukakhala wolondola, amafika pa bug mwamsanga. Ukanama, amatha masiku akufufuza m'nyumba ya munthu wosalakwa. Code ya assembly yopanda symbol yoyenela imaoneka monga mbali ya function imene ili pamwamba pake, ndiye mlandu umagwela neba.

Kupanga mndandanda umenewu kumafuna kubwelela m'mbuyo pa stack, mbale na mbale. Njila yakale inali ya frame pointer: function iliyonse ikayamba, imasiya cizindikilo coloza kwa amene waiitana, n'kupanga unyolo. Compiler imacita izi pa code ya C. Wolemba assembly akaiwala, mphete imodzi ya unyolo imasowa, ndipo function imodzi imazimililika pa mndandanda. Njila ina inali DWARF, matebulo ofotokoza mmene stack ilili pa lamulo lililonse. Mu 2006, pulogilamu yowelenga matebulo a DWARF yolembedwa na Jan Beulich inalowa mu kernel. Caka cisanathe Torvalds anaicotsa, cifukwa nthawi zina inali kudzigwela yokha pakati pofotokoza ngozi ina. Zolemba za DWARF zoikidwa na manja zinatsalabe mu assembly ya x86, zikudzaza mafaelo, ndipo munthu akasintha code anali kuiwala kuzisintha. Mu 2015 Ingo Molnar anazicotsa pa code ya polowela mu kernel, atatopa na kuwonongeka kwake kosatha. Phunzilo linali loonekelatu: zolemba zimene palibe makina ozifufuza zimayamba kunama pang'ono-pang'ono.

Kukonza injini galimoto ikuyenda

Cimene cinasintha zinthu cinali ndalama. Makampani amene ali na maseva safuna kuwazimitsa. Koma bowo la citetezo likapezeka mu kernel, njila yakale inali kuika kernel yatsopano na kuyatsanso makina. Mu 2008, Jeff Arnold wa ku MIT anaonetsa Ksplice, njila yosinthila code ya kernel makina ali moyo, ndipo Oracle inagula kampani yake mu 2011. Mu 2014, SUSE inatulutsa kGraft, Red Hat inatulutsa kpatch. Magulu awiliwa anagwilizana, ndipo maziko a livepatch analowa mu Linux 4.0 mu April 2015.

Manje taonani vuto. Musanasamutsile pulogilamu ku function yatsopano, muyenela kutsimikiza kuti siili pakati pa function yakale. Makanika sacotsa wilo munthu ali pansi pa galimoto. Njila yotsimikizila ni kuyang'ana pa stack ya pulogilamu iliyonse imene yagona. Ngati mndandanda walumpha function imodzi cifukwa assembly ina inadula unyolo, kernel idzaganiza kuti njila ni yoyela pamene muli munthu. Zotsatila zake zingakhale kugwa kwa seva, olo coipa kuposa apo, kuwonongeka kwa data mwakacetecete. Mndandanda umene kale unali wothandiza cabe anthu ofufuza unasanduka cinthu cimene makina amadalila posankha zocita.

Josh Poimboeuf wa ku Red Hat analemba cida cochedwa objtool, cimene cinalowa mu Linux 4.6 mu 2016. Pomanga kernel, objtool imatsegula faelo iliyonse yomasulidwa, imatsatila njila zonse zimene code ingapite, n'kuwelengela mmene stack ilili pa sitepe iliyonse. Ikapeza function yosasunga pangano, imacenjeza. Mu 2017, livepatch inayamba kudalila mndandanda wotsimikizika mu Linux 4.12. Caka cimeneco, mu 4.14, Poimboeuf anawonjezela ORC: objtool imalemba yokha matebulo osavuta ofotokoza stack, m'malo moyembekezela anthu. Dzinali ni nthabwala, pakuti ELF na DWARF ni maina a tuzilombo twa m'nthano za ku Ulaya, ndipo orc ni mnzawo wacitatu. ORC inalola kucotsa ma frame pointer, amene anali kukulitsa code ya kernel na mapelesenti pafupifupi 3 komanso kucedwetsa nchito zina na mapelesenti 5 mpaka 10.

Mu January 2018 dziko linamva za Meltdown na Spectre, zofooka za m'mapurosesa eni ake. Imodzi mwa njila zodzitetezela ku Spectre, yochedwa retpoline, inafuna kuti kulumpha kulikonse kopita ku adilesi yosungidwa mu register kusinthidwe. Compiler inasintha code ya C. Assembly inafuna manja, ndipo objtool inapatsidwa nchito yofufuza ngati pali malo amene aiwalika. Cida ici cinakhala mlonda wa kernel ya x86. Koma mlonda amafunika kudziwa pamene pulotu iyambila na pamene ithela, ndipo objtool imadziwa izi kupitila mu mtundu na kukula kwa symbol. Zolemba zosokonezeka za ENTRY na ENDPROC zinakhala copinga ceniceni.

Nchito ya Jiri Slaby

Jiri Slaby, wa ku Czech Republic, wosewenza ku SUSE komanso mmodzi wa amene anapanga kGraft, anatenga nchito imene ambili anali kuizemba. Kuyambila mu 2017 anayamba kutumiza malingalilo a ma macro atsopano. Anzake anawatsutsa, anakangana pa maina, iye anakonza n'kutumizanso, mobweleza-bweleza kwa zaka zoposa ziwili. Anayenela kuwelenga mafaelo a assembly a x86 limodzi-limodzi, n'kufunsa pa dzina lililonse kuti ici n'ciani kwenikweni. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nchitoyi inavomelezedwa cakumapeto kwa 2019 ndipo inatuluka mu Linux 5.5 mu January 2020.

Maganizo ake ni osavuta kumva. Ciliconse mu assembly cili m'gulu limodzi mwa atatu, ndipo ciliconse cotsegulidwa ciyenela kutsekedwa na mnzake woyenelela.

Gulu loyamba ni ma function enieni, amene amasunga pangano la C ndipo angaitanidwe monga function ina iliyonse. Amayamba na SYM_FUNC_START n'kutha na SYM_FUNC_END. Citsanzo ni __memset, yodzaza memory na nambala imodzi. Ngati function ni ya m'faelo mwake cabe pali SYM_FUNC_START_LOCAL, ngati ni ya weak pali SYM_FUNC_START_WEAK.

Gulu laciwili ni code yapadela, imene siitanidwa mwa mwambo wa C. Imayamba na SYM_CODE_START n'kutha na SYM_CODE_END. Citsanzo cabwino ni entry_SYSCALL_64, khomo limene pulogilamu imalowela ikafuna thandizo la kernel pa x86-64. Purosesa ikafika pamenepo, stack ikali ya pulogilamu, imene kernel singaikhulupilile, ndipo adilesi yobwelela ili mu register ya rcx. Cida cimene cingaone malo awa monga function wamba cingawelenge zinyalala n'kuziyesa adilesi. Pa malo otele wolemba amaikanso tumau twa UNWIND_HINT, touza objtool mmene stack ilili, ndipo objtool imapitiliza kuwelengela kucokela apo.

Gulu lacitatu ni data: SYM_DATA pa kanthu kamodzi, SYM_DATA_START na SYM_DATA_END pa tebulo yaitali. Ndipo ngati pafunika dzina pakati pa code, monga khomo la kumbali, pali SYM_INNER_LABEL, imene siyambitsa function yatsopano.

Pansi pa zonsezi pali ma macro ocepa amene amalandila zinthu zitatu: kaonekedwe ka dzina kwa linker, kayanikidwe ka adilesi, na mtundu wa symbol. Pa x86, ENTRY na ENDPROC zinatsekedwa, moti munthu akazilemba kernel imakana kumangika. Ici n'cofunika kwambili. Lamulo lolembedwa m'buku cabe anthu amaliiwala. Lamulo limene limaimitsa nchito yako palibe amaliiwala kawili.

Onani kuti nchito yonseyi sinawonjezele liwilo olo kubweletsa cinthu catsopano cimene wogula angaone. Pafupifupi paliponse malamulo opita ku purosesa anatsala mmene analili. Cinasintha ni zimene kernel imakamba ponena za iyo yokha.

Phindu linafika pa foni

Mark Brown wa ku Arm na anzake anasamutsa assembly ya arm64 kupita ku ma macro atsopano mu 2020, ndipo anali na colinga. Mapurosesa atsopano a Arm ali na citetezo cochedwa BTI. Akuba a pa kompyuta amakonda kupatutsa pulogilamu kuti ilumphile pakati pa code ina, n'kulumikiza tuzidutswa mpaka tucite zimene iwo afuna. BTI imati kulumpha kopita ku adilesi ya mu register kuyenela kutela pa lamulo lapadela loikidwa pakhomo. Kukatela pena, purosesa imaimitsa zonse. Compiler imaika lamulo ili pa ma function a C. Nanga a assembly? Popeza manje function iliyonse yeniyeni inali kuyamba na SYM_FUNC_START, zinatheka kuika lamulolo mkati mwa macro imodzi, ndipo ma function onse analandila. Sembe anali akali pa ENTRY, lamulo likanagwela pa data na pa malo ena osayenela. BTI ya mu kernel inatuluka mu Linux 5.8 mu August 2020.

Ku x86 zinacitikanso cimodzimodzi mu 2022, pamene Linux 5.18 inalandila citetezo ca Intel cochedwa IBT, na lamulo lake la pakhomo la ENDBR. Kumapeto kwa caka cimeneco, Linux 6.1 inabwela na KCFI, nchito ya Sami Tolvanen wa ku Google. Apa function iliyonse imanyamula nambala yoimila mtundu wa katundu amene imalandila, ndipo woitana amayang'ana nambalayo asanalumphe. Ma function a assembly oitanidwa mwa njila iyi anapatsidwa SYM_TYPED_FUNC_START. Mu caka cimodzimodzico ca 2022, kernel inacotsa code yoyendetsa mapulogilamu a a.out, mtundu uja wa Thompson umene unabweletsa kamzele ka pansi.

Si foni iliyonse ili na purosesa yodziwa BTI, maka-maka zochipa zimene zimasewenzetsa mapulani akale. Koma lowani mu Settings, pitani pa mbali yofotokoza za foni, mupeze pamene palembedwa kernel version. Ngati foni ni ya 64-bit ndipo nambala ni 5.10 olo kuposapo, assembly imene imasewenza nthawi iliyonse mukagusa sikilini inalembedwa na maina na malile amene takambilana.

Kwa imwe amene muphunzila zamakompyuta, kaya ku koleji olo pa YouTube na mabandulo a usiku, code yonseyi ni yaulele kuiwelenga. Tsegulani include/linux/linkage.h, ni faelo yaifupi. Kenako onani arch/arm64/kernel/entry.S olo arch/x86/entry/entry_64.S. Simudzamva zonse pa tsiku loyamba, ndipo palibe amene anamva. Koma mudzatha kuona pamene cinthu ciyambila, pamene cithela, komanso ngati ni function, khomo lapadela olo data. Anthu a mu 1975 anasiyila owelenga ndemanga yowauza kuti asayembekezele kumvetsa. Anthu a mu 2019 anasiya zolemba zimene munthu na makina onse angawelenge, ndipo makina amakana zikanama. Pa pulojekiti yanu yotsatila, olo ikhale ya mizele 200 cabe, ganizilani munthu amene adzaitsegula pa 02:00 usiku zinthu zitawonongeka, imwe mutazimitsa foni. Mulembeleni maina oona.